Galu mmodzi, eni awiri: lembani pangano mitima idakali m'malo

Mu Okutobala 2021, bwalo lina la milandu mumzinda wa Madrid ku Spain lidagamula mlandu womwe ambiri kwathu kuno akadangouseka. Mwamuna ndi mkazi amene ankakhala limodzi adasiyana, nkuyamba kulimbirana galu wawo, dzina lake Panda. Woweruza adalamula kuti galuyo azikhala mwezi umodzi kwa mwamuna, mwezi wotsatira kwa mkazi, ndipo ndalama za kwa dokotala wa ziweto azigawana.

Mlandu wotere udafika bwanji kukhoti? Kuyambira kale, malamulo a mayiko ambiri amaika galu m'gulu la katundu, pamodzi ndi mipando ndi njinga. Banja likatha, woweruza amafunsa kuti adagula ndani ndipo lisiti ali nalo ndani. Amene ankadzuka usiku galu akadwala sawerengedwa. Koma kwa anthu ambiri a ku Ulaya ndi ku America, galu amagona m'nyumba ndipo amatengedwa ngati wa m'banja, choncho chigamulo cha lisiti chimasiya mabala.

Mayiko ena asintha malamulo. France mu 2015 idalemba kuti nyama ndi zamoyo zomwe zimamva ululu. Ku Spain, lamulo lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 5 Januwale 2022 limauza woweruza kuti pothetsa banja aziona kumene chiweto chingakhale bwino. Ku America, chigawo cha Alaska chidatsogola mu 2017, Illinois nkutsatira mu 2018, California mu 2019 ndi New York mu 2021. Ku England galu adakali katundu pamaso pa lamulo. Chigawo cha British Columbia ku Canada chidatenga njira yakeyake mu 2024: khoti silingalamule anthu osiyana kuti azigawana galu, limangomupereka kwa mmodzi, koma ngati awiriwo agwirizana okha, lamulo limalemekeza pangano lawo.

Apa ndiye pagona nkhani. Woweruza akhoza kusankha mwini, koma sangakakamize anthu odana kuti azipatsirana galu mwamtendere Loweruka lililonse. Chimene chimathandiza ndi zomwe eni adagwirizana asanayambane. Nchifukwa chake bungwe losamalira ziweto la Blue Cross ku Britain lidatulutsa mu 2014 chikalata chomwe anthu okondana angasainirane za chiweto chawo zinthu zidakali bwino.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Munthu akamaikiza mbuzi kwa mbale wake kumudzi, amakambirana pamaso pa mboni kuti ana obadwa adzakhala a yani, ndipo fisi akaigwira mlandu udzakhala wa ndani. Pangano la galu limayenda chimodzimodzi, kungoti limalembedwa ndi kusainidwa. Ndipo silofunika kwa okwatirana okha. Limathandizanso abwenzi obwereka nyumba imodzi amene asonkherana kugula galu, komanso woweta amene wagulitsa galu wamkazi koma akufuna adzalandireko ana ake.

Pangano labwino limayamba ndi kunena galu amene akukambidwa ndi gawo la mwini aliyense. Likatero lifotokoze kumene galu azigona, masiku osinthana, ndi amene azimunyamula. Pa ndalama pasakhale mawu oti "tidzaona": chakudya, katemera wa chiwewe, mankhwala a nthata ndi njoka za m'mimba, inshuwalansi kumene iliko, zonse zilembedwe kuti wolipira ndani.

Mafunso ovuta ndi omwe anthu amawathawa, pomwe ndi amene amadzabala mkangano. Galu afulidwe kapena aziswa? Akaswa, ana ndi a yani? Akaluma munthu kapena kupha nkhuku za oyandikana nawo, alipire ndi amene adali naye tsikulo kapena onse awiri? Akadwala matenda osachiritsika, ndani ali ndi mawu omaliza oti dokotala amuphe mosamva ululu? Mmodzi akasamukira kutali, akalephera kulipira gawo lake kapena akamwalira, galu atsala ndi yani, ndipo winayo abwezeredwa chiyani? Pomaliza, atchuliretu munthu amene adzawayanjanitse asanathamangire kukhoti, chifukwa ndalama za maloya zimaposa msanga mtengo wa galuyo.

Abale athu okhala ku Britain achenjere ndi chinthu chimodzi. Kuyambira mu Epulo 2016, galu aliyense ku England, Scotland ndi Wales amayenera kuikidwa kachipangizo kakang'ono pansi pa khungu, kokhala ndi nambala yomuzindikiritsa. Dzina lolembedwa pa nambalayo ndi la womusunga, ndipo palokha silitsimikiza kuti iyeyo ndiye mwini. Malisiti, mabuku a kwa dokotala ndi pangano losainidwa ndi zomwe zimalimbitsa mlandu.

Komabe pepala silingasinthe chibadwa cha galu. Galu amakhazikika akazolowera malo, nthawi yodyera ndi malamulo amodzi. Ena amapirira kusinthasintha nyumba, ena amasiya kudya kapena kuyamba kulusa. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo galu wa makomo awiri akhoza kuphonya katemera chifukwa aliyense ankayesa kuti mnzake wapita naye kale. Pangano lanzeru lizilola kuti zikaoneka kuti galu akuvutika, akhazikike kwa mmodzi, winayo azingobwera kudzamuona.

Ife tikuona kuti kugawana galu kulibe vuto ngati cholinga ndi kumusamala. Kukakhala kofuna kupwetekana mtima kapena kupezera njira yolondalonda munthu amene mudasiyana naye, kuli bwino mmodzi alole kusiyira mnzake galuyo. Inu amene mukuganiza zosonkherana galu, khalani pansi musanamugule, mulembe zonse, muitane mboni, ndipo ngati nkotheka loya aone pepalalo, popeza malamulo amasiyana dziko ndi dziko.