Giyabokosi Yolira Sitaya

Makolo anzanga a kuno ku Chilobwe, mwana wanu akapeza Peugeot 404 yakale, ija inayamba kupangidwa ku France mu 1960, musamgwetse mphwayi pomuuza kuti giyabokosi yolira njofunika kutaya. Kawirikawiri chimene chatha ndi mabering'i, kapena timphete tamkuwa tothandiza magiya kulowana mosakukuta. Mano a magiya enieniwo sadyeka msanga.

Tsono mnyamatayo aitsegule mofatsa, ayale zitsulo pa chiguduli choyera motsatana monga anazichotsera, azitsuke ndi palafini, nagule chokhacho chimene chadyeka. Ku msika wa Ndirande zitsulo zakale za magalimoto zimagulitsidwa, koma ayambe wafunsa kumene zachokera, pakuti zotchipa zina nzakuba, ndipo mwana wa Mpingo sayenera kuzikhudza. Akatha kumanga, athire oyilo watsopano asanalize injini.