Kiyi imodzi isatiphere sakisofoni

Ambiri mwa ife tinachokera kusukulu za mishoni, ndipo kabati ya m'chipinda chosungira katundu ija tikuidziwa. Kusekondale ina kumene tinaphunzira, m'kabatimo munali sakisofoni imene anapereka anthu akufuna kwabwino. Inalira materemu awiri basi. Kiyi imodzi italeka kubwerera, anaitsekera m'bokosi lake, ndipo tinalemba MSCE isanatulukemo. Tikafunsa ankangoti yafa, wokonza kulibe.

Sinafe ayi. Chida chimenechi, chimene Adolphe Sax wa ku Belgium analembetsa mu 1846, chili ndi mabowo opitirira 20 otsekedwa ndi makiyi okhala ndi kachikopa kunsi. Chimene chimabweza kiyi ndi kasipuling'i konga singano. Nthawi zina sikathyoka n'komwe, kamangochoka pamalo pake, ndipo mukakakola ndi kawaya kopinda n'kukabwezera, nyimbo yabwerera. Kakathyokadi, lababandi imagwira mongoyembekezera. Kachikopa kakamamatira, mumalowetsa pepala loyera pansi pake, n'kukanikiza kiyi pang'ono, n'kulikoka.

Pali pamene manja athu ayenera kulekera. Ngati chathyoka ndi chitsulo cha kiyiyo, tisathamangire nacho kwa owotcherera apa pa Mlangeni. Njinga ndi mafelemu a mawindo amazitha ndithu, koma moto wawo ungasungunule mkuwa wopyapyalawu ndi kupsereza zikopa zonse zoyandikira. Super glue nayonso imangoonjezera ntchito. Apa pafunika mmisiri wa zida zoimbira, ndipo m'dziko limene asilikali ndi apolisi ali ndi mabandi a malipenga, sitinganene kuti pofunsira palibe.

Chotidetsa nkhawa n'chakuti mawa lino kiyi wa kabati ija adzakhala m'thumba mwathu, ife aphunzitsi. Tidzachita chimodzimodzi? Ana amene tidzawaphunzitse amakhoma okha banjo ndi chigubu ndi waya. A Madalitso Band afika mpaka ku Ulaya ndi babatoni yopanga pamanja. Luso lilipo. Chimene chimatimanga ndi mantha akuti chinthu chochokera kunja sichikhudzidwa, ukaononga akulipiritsa. Ndiye timasankha kuti chiwolere m'bokosi, bola m'kaundula chikuoneka kuti chilipo.

Tikupempha aphunzitsi athu kuti pa maphunziro a uphunzitsiwa patsale masana amodzi pa semesita, tiitane woimba wodziwa kumasula zida zotere, atisonyeze chokhudza ndi chosakhudza. Lababandi ndi sikuludiraiva yaing'ono tidzagula tokha.