Digiri ili m'manja, koma tsamba limodzi likukanika

Chaka ndi chaka mayunivesite athu akutulutsa anyamata ndi atsikana ovala mikanjo, zithunzi mbwee pa Facebook. Koma mpatseni mmodzi cholembera, mumuuze alembe tsamba limodzi lofotokozera mlimi wa ku Mchinji chomwe chakweza mtengo wa feteleza. Thukuta kamukamu. M'Chingerezi amwaza mawu akuluakulu opanda mutu, m'Chichewa angoti kakasi. Zimenezi zikundiwawa, ndipo sindibisa mawu.

Mlandu si wa anawo ayi. Kulemba tinakusandutsa kaphunziro ka chaka choyamba, kongodutsamo pothamangira "maphunziro enieni". Mphunzitsi mmodzi, ophunzira mazanamazana muholo, ena atakhala m'mawindo. Pepala limabwerera patatha miyezi, pamwamba pali nambala yofiira basi. Palibe wolemba m'mphepete kuti ndime iyi yasochera, mfundo iyi ilibe umboni, kalembenso. Mwana wotere mukamudzudzula bwanji akamakopera za pa intaneti?

Chonsecho njira tikuidziwa. Mu 1970, Chancellor College isanasamukire ku Zomba, ophunzira ndi aphunzitsi ena adayambitsa Writers Group. Munthu ankabwera ndi ndakatulo kapena nkhani yake, n'kuiwerenga pamaso pa anzake, iwo n'kuisenda mzere ndi mzere mopanda chisoni. Ankachoka atakwinya nkhope, sabata inayo n'kubwera nayo itawongoka. M'menemo ndi momwe mudasulidwa anthu ngati Jack Mapanje ndi Lupenga Mphande, m'nthawi yomwe liwu limodzi lolakwika linkakugonetsa m'ndende. Mapanje adatsekeredwa ku Mikuyu mu 1987, adatuluka mu 1991. Iwo adaphunzira kusankha mawu imfa ili pakhosi. Ife lero ufulu ulipo, makompyuta alipo, tikulephera chiyani?

Tsono bala lalikulu ndi la Chichewa. Chidalengezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968. Bungwe la Centre for Language Studies lidatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Samuel Nthara adatulutsa Nthondo mu 1933, John Gwengwe ndi Willie Zingani n'kudzaonetsa kuti chiyankhulochi chimasenza nkhani zolemera. Koma pasukulu zaukachenjede Chichewa timachigoneka pathebulo n'kumachitumbula m'Chingerezi: mphatikiram'mbuyo uyu, tsinde ili. Ngakhale kafukufuku wonena za Chichewacho amalembedwa m'Chingerezi! Nanga wophunzitsa dokotala, loya ndi mlangizi wa zaulimi kulemba Chichewa chomveka ndani?

Kolera wa 2022 mpaka 2023 adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Pa mliri wotero uthenga wopachikidwa pakhoma la chipatala ndi mankhwala. Ukalembedwa mokhotakhota, mayi wobereka mwana kumbuyo amauyang'ana, n'kupukusa mutu, n'kumapita. Wolemba uthengawo ali ndi digiri.

Akuluakulu a National Council for Higher Education, inu amene mumavomereza maphunziro a m'mayunivesite, tamvani. Phunziro la kulemba likhale la zaka zonse, m'magulu aang'ono oti mphunzitsi adziwe dzina la aliyense. Pepala lizibwezedwa kawiri katatu lisanalandire malikisi. Ndipo asavale mkanjo munthu yemwe sangathe kufotokoza kafukufuku wake m'masamba awiri a Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao. Mukati ndalama palibe, tiuzeni kuti zomwe mumagulira magalimoto a mabwana zimachokera kuti.