Maganizo a Mkonzi: Chitipa ikufunika sola kuposa jenereta

Ku Chitipa, boma lomwe lili kutali zedi ndi malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, jenereta imaoneka yotsika mtengo tsiku loigula, koma imadya ndalama nthawi zonse ikayatsidwa, popeza mafuta ake amagulidwa kunja ndipo anakwera mtengo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Sola yokhala ndi mabatire, omwe amasunga mphamvu ya dzuwa kuti igwire ntchito usiku, imafuna ndalama zambiri poyamba, ngakhale mabatire a lithium amakhala zaka zambiri osasinthidwa.  Choncho mabanki ayenera kuyamba kupereka ngongole zogulira sola zobweza pang'onopang'ono.