Mwasintha ma shock, nanga alignment mwasiyira ndani?

Anzanga aphunzitsi, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga ndipo pano mukuyendetsa magalimoto anuanu, lero ndabwera ndi mkwiyo pang'ono. Sabata yatha pa nthawi ya tiyi mu staffroom, mnzathu wina, dzina ndisunga, ankanyadira kuti wasinthitsa ma shock a kutsogolo. Nditamufunsa ngati anapita nayo galimotoyo ku alignment, anandiseka. Akuti, "Achimwene, imeneyo ndi njira ya eni magalaja yotidyera ndalama. Galimoto siikukoka, ikuyenda bwinobwino." Enanso atatu anavomereza. Belu linalira ndisanayankhe, ndiye yankho langa ndi lino.

Ndiyambe ndi kuulula kuti mawu amenewa ndinawayankhulapo ndi pakamwa panga. Nditagula Corolla yanga yochokera ku Japan, maenje a m'misewu yathu sanachedwe kumaliza ma shock ake. Makaniko wina wa pansi pa mtengo anandiikira atsopano, ine n'kuwonjezerapo matayala awiri atsopano kutsogolo. Ndinamufunsa za alignment, iye anati, "Bwana, ndabwezera momwe zinaliri." Ndinakondwa poti ndalama inatsala m'thumba. Materemu awiri asanathe, tikupita kumaliro ndi mayi a kunyumba ndi ana kumbuyo, tinaima kuti tigule chimanga chootcha. Ndinasiya chiwongolero chili chokhota, ndipo mnyamata wogulitsayo ndi amene anati, "Akulu, tayala lanuli latulutsa mawaya." Kunja linkaoneka latsopano, koma m'mphepete mwa mkati linali litatha psiti. Linzake chimodzimodzi. Mpaka lero ndikaganiza liwiro limene ndinkathamanga tsiku limenelo, thupi limachita tsembwe.

Tsono tiyeni tilowe m'kalasi. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amene tikuyendetsa ife, monga Corolla, Vitz ndi March, kutsogolo kwake kuli chimene amati MacPherson strut. Dzinali ndi la injiniya wa ku America, Earle MacPherson, ndipo njirayi inayamba kutchuka ndi Ford Consul imene inatuluka mu 1950. Pa galimoto yotere, shock sikuti imangoletsa kudumphadumpha ayi. Ndi mwendo weniweni wogwira tayala. Kumwamba imamangidwa ku thupi la galimoto, kumunsi imagwirana ndi chitsulo chonyamula tayala, kawirikawiri ndi mabawuti awiri akuluakulu. Mabowo a mabawutiwo amakhala ndi kampata pang'ono. Mukamasula n'kumanganso, tayala limatha kupendekera mkati kapena kunja, ndiye camber imeneyo. Camber ikasuntha, toe nayo imasuntha, kutanthauza kuti matayala awiriwo sakuyang'ananso kumene wopanga galimoto anafuna. Ndiye "ndabwezera momwe zinaliri" anayeza ndi chiyani? Ndi maso?

Mwina mukuti kusuntha kwake n'kochepa. Amene ndinakuphunzitsani masamu, tengani cholembera. Tayala la 175/70 R14 ndi lalitali pafupifupi 600mm. Tinene kuti lapatuka ndi 3mm basi, poyerekeza kutsogolo ndi kumbuyo kwake. 3 pa 600 ndi 1 pa 200. Ndiye kuti pa kilomita iliyonse tayala limenelo likukhwekhwerezedwa cham'mbali mamita 5. Kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe kudzera pa Zalewa ndi makilomita opitirira 300. Chulukitsani: mamita 1,500. Kilomita imodzi ndi theka mukulikwecha tayala pa phula ngati mukunola mpeni pamwala, ulendo umodzi wokha, osawerengera pobwerera.

Nanga zoti "siikukoka"? Apa ndi pamene ambiri timanamizidwa. Matayala onse awiri akayang'ana kunja mofanana, kapena mkati mofanana, limodzi limakokera uku linzake uko, ndipo galimoto imayenda mowongoka ndithu. Dalaivala samva kanthu, koma matayala akulimbana okhaokha pansipo. Kukoka n'chizindikiro chimodzi chabe. Kusakoka si umboni woti zili bwino, monga momwe mwana wosachita phokoso m'kalasi si umboni woti wamva.

Chilungamo chake, mnzathu uja sanalakwe pa zonse. Pali magalimoto amene shock yake ili payokha, siigwira tayala, monga kumbuyo kwa ma pickup a masipuling'i amtundu wa zitsulo zosanjikiza aja. Pamenepo mukhoza kusintha shock popanda kusokoneza kaimidwe ka tayala. N'zoonanso kuti malo ena a alignment amangolandira ndalama. Amaika galimoto pa makina pamene ma tie rod end ndi ma ball joint ake akugwedera, mabushi anatha kalekale. Alignment yotero imathera pa bampu yoyamba. Koma kodi chifukwa choti pali aphunzitsi ena aulesi, tiuze makolo kuti asiye kutumiza ana kusukulu?

Chimene chimandipweteka n'chakuti ndife ophunzira. Timalipira inshulansi, timakaima pa mzere wa COF, timagula mafuta pa mtengo uliwonse umene walengezedwa, ena timaika ndi zoimbira zogwedeza mudzi wonse. Koma ikafika ndalama ya alignment, imene siifika ngakhale pa mtengo wa tayala limodzi latsopano, timasanduka akatswiri a zachuma. Ine pofuna kupulumutsa kandalama kameneko ndinataya matayala awiri, ndipo malipiro a mphunzitsi mukuwadziwa. Walira mvula walira matope. Mwafuna galimoto, landirani ndi zake zomwe.

Ndiponso si nkhani ya ndalama yokha. Galimoto ya mphunzitsi ndi ambulansi ya pasukulu. Mwana akakomoka pa assembly, mayi woyandikana nanu akayamba kumva kupweteka usiku, amagogoda kwa inu. Tayala lakutsogolo likaphulika pa liwiro, kapena likalephera kugwira phula lonyowa m'dzinja, amene ali m'mbali mwa msewu ndi a kabaza ndi ana oyenda pansi, mwina a kalasi yanu yomwe.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mukamasintha ma shock, sinthani awiri onse a mbali imeneyo, osati imodzi. Funsani makaniko ngati ndi ma strut. Akati inde, ndalama ya alignment ikhale mu bajeti yomweyo, ndipo mupite sabata yomweyo, osadikira malipiro a mwezi wa mawa. Asanayambe kuyeza, aone kaye mpweya wa m'matayala ndi chilichonse chogwedera. Akamaliza, apempheni akuonetseni manambala a poyamba ndi a pomaliza, ndipo poyenda pa msewu wowongoka chiwongolero chikhale pakati. Kamodzi pamwezi, khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto, gwadani, muone mkati mwa tayala ndi kulisisita ndi dzanja. Mukamva ngati mano a sowo, musadikire.

Inu amakaniko amene munali ana anga a Form 4, ndikudziwa ena mumawerenga pano. Ngati mulibe makina, palibe manyazi kumuuza kasitomala kuti, "Ine mbali yanga ndamaliza, pitani akayeze." Manyazi ali pa kunena kuti mwabwezera momwe zinaliri pamene simunayeze.

Ndipo inu achimwene a mu staffroom, Lolemba ndibwera ndi tochi. Tikagwade limodzi pa galimoto yanuyo ana asanalowe m'kalasi. Ndikapezeka wolakwa, mandasi a sabata yonse ndigula ine.