Kalumo kakuthwa sikali ndi mlendo yekha

Sabata ino ndakatulo ndaziika kaye pambali. Pali nkhani yomwe yandikhala pakhosi kwa miyezi itatu tsopano, ndipo ndikapanda kuilavula inditsamwitsa.

Ndili ndi mphwanga, mwana wa amayi aang'ono, amene ali ndi kashopu pa Songani, m'mbali mwa msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde. Mnyamatayu anaphunzira za makompyuta mpaka ku yunivesite. Digiri yake ili mu envulopu pansi pa matiresi. Ntchito yomwe ikumudyetsa ndi yosintha magalasi a mafoni osweka, kutayipira anthu makalata ofunsira ntchito, ndi kuika nyimbo m'mamemore a anyamata a kabaza.

Tsiku lina analandira foni kuchokera kwa bwana wina wa ku Lilongwe. Kampani ya bwanayo inali itapambana tenda yokonza makompyuta ndi kulumikiza netiweki pa ofesi ina ya boma m'dera lino la Zomba. Ofesiyo sinditchula, kampaninso sinditchula. Bwanayo sanapondeko n'komwe. Anatumiza waya ndi rauta pa basi, basi. Mphwanga uja anagwira ntchitoyo masiku anayi, kukwera m'denga, kukoka waya pakati pa ndowe za mileme, kutsitsimutsa makompyuta omwe anthu anali atawaphimba ndi nsalu ngati maliro. Malipiro anabwera pa foni, ndalama yosakwana n'kugula matumba awiri a feteleza. Iye anathokoza, poti ganyu ndi ganyu.

Popita kukasainitsa pepala loti ntchito yatha, anaona invoisi ya kampani ija ili pa tebulo. Akuti anawerenga maziro kawiri, kuganiza kuti maso akumunamiza. Panali mafuta a galimoto yochokera ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 250. Panali malo ogona ndi chakudya cha akatswiri atatu. Akatswiri atatuwo anali iyeyo yekha, ndipo anapita pa kabaza.

Chomwe chikundiwawa kwambiri n'chakuti tenda yomweyo mphwangayo anaiona itamatidwa, n'kuifuna. Anaisiya atawerenga zofunikira. Ankafuna kampani yoti yagwirapo ntchito zitatu zangati imeneyo m'boma. Ankafuna mabuku a ndalama ounikidwa ndi akatswiri owerengera chuma, a zaka zingapo. Ankafuna chikole cha ku banki. Izi zikubwera pamwamba pa setifiketi ya kampani, nambala ya msonkho ya ku MRA, kalata yoti ulibe ngongole ya msonkho, ndi setifiketi ya ku PPDA. Ndiuzeni abale anga, mwana wongotuluka kumene sukulu ntchito zitatu za boma akazitenga kuti, pamene yoyambayo mukumumana chifukwa alibe zitatu? Zili ngati kuuza mwana kuti usayandikire mtsinje wa Domasi mpaka utadziwa kusambira.

Ndiye ntchito inapita kwa yemwe ali ndi mapepala, ndipo wa mapepalayo anakabwereka manja a yemwe alibe mapepala. Boma linalipira mtengo wa ku Lilongwe pa ntchito ya pa Songani. Ameneyu ife timamutcha wabizinesi, koma dzina lake lenileni ndi dobadoba. Kusiyana kwake ndi aja amaima pa geti n'kwakuti uyu amavala tayi.

Musaganize kuti malamulo kulibe. Lamulo loyendetsera kagulidwe ka katundu wa boma la 2017, lomwe linabweretsa PPDA, linanena kuti pa tenda zopikisana za m'dziko muno, magawo 60 pa 100 alionse aziperekedwa moganizira Amalawi eni nthaka. Mu 2020 kunabweranso lamulo lina loti tenda za ndalama zochepa zizisiyidwira mabizinesi ang'onoang'ono. Tinaomba m'manja. Koma lamulo limatsegula geti la kutsogolo, pamene amene amalemba zofunikira za tenda amakhoma chitseko cha m'kati. Akafuna kukuthamangitsa satchula dzina lako ayi. Amangophatikiza ntchito khumi zing'onozing'ono kukhala chimtenda chimodzi: kugula malaputopu, kukonza maprinta, kuika sola, kupanga webusayiti, zonse mtolo umodzi. Mtolo wotere angausenze ndi yekhayo amene ali ndi mkulu wa banki pa foni.

Taonani chigwa chathu chino. Pa Domasi pali koleji yosula aphunzitsi. Pali Malawi Institute of Education, komwe kumakonzedwa silabasi ndi mabuku a ana a dziko lonse. Pali chipatala, pali malo a boma ofufuzira za ulimi wa nsomba, pali masukulu a pulayimale ndi sekondale kuyambira ku Songani mpaka ku Malosa. Mukapita mu tauni ya Zomba mupeza MANEB, ofesi ya kalembera ya NSO, nyumba yosungira zolembedwa zakale za boma, khonsolo, ndi University of Malawi yomwe chaka ndi chaka ikutulutsa ana odziwa makompyuta. Ofesi ija si imodzi mwa malo ndatchulawa, musayambe kulozerana zala. Ndawatchula kuti muone kuchuluka kwa makina m'kadera kamodzi. Paliponse pamenepa pali printa yomwe idzafe, batire ya sola yomwe idzatope, mafayilo omwe akufunika kulowa m'kompyuta. Kuyambira 2023 boma layamba kugawa matabuleti m'masukulu a pulayimale pa pulogalamu ya BEFIT, ndipo cholinga n'chakuti afike m'masukulu onse a boma. Galasi la tabuleti likasweka m'manja mwa mwana wa Sitandade 2, amene ali pafupi ndi ndani? Ntchito ilipo, anthu alipo, zonse pamtunda woyenda pa njinga. Chikusowa ndi njira yoti ziwirizi zikumane popanda kuzungulira ku likulu.

Makolo anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mwambi umenewu m'maofesi athu anaumeza wosatafuna. Kampani ikakhala ya kutali, ndiye kuti ikudziwa. Ikakhala ya kunja kwa dziko, ndiye eee, palibenso kufunsa. Koma makolo omwewo anatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndipo pa nkhani ya makompyuta mwambi wachiwiriwu ndiye woopsa, chifukwa mlendo akamakamuka amapita ndi makiyi.

Tonse tikukumbukira za mapasipoti. Mu 2019 boma linasainirana ndi kampani ya Techno Brain kontirakiti ya madola 60.8 miliyoni a ku America. Mu Disembala 2021 mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo, a Thabo Chakaka Nyirenda, anaithetsa kontirakitiyo. Kumayambiriro kwa 2024 makina anaima. Mu Febuluwale chaka chomwecho a Lazarus Chakwera, ali pulezidenti, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena alowerera sisitimuyo ndipo akufuna dipo. Kwa masabata angapo dziko lathunthu silinkatha kusindikiza pasipoti. Odwala ofuna kukalandira chithandizo kunja, ana opeza sukulu, amayi a geni opita ku Johannesburg ndi ku Dar es Salaam, onse anangoti kakasi. Sindikunena kuti kashopu ka pa Songani kakanapanga sisitimu ya mapasipoti. Ndikunena kuti dziko lomwe silipatsa ana ake ntchito zing'onozing'ono lero, mawa silidzakhala ndi munthu woti n'kutsegula chitseko chachikulu chikadzatsekeka. Mmisiri amakulira pa ntchito. Wokonza seva ya unduna amayambira pa printa ya pa sukulu.

Ndikudziwa zomwe ena a inu mukufuna kundiyankha, makamaka inu a m'maofesi. Mukuti: kodi waiwala Cashgate? Si timakampani ting'onoting'ono tomwe tinaseweretsa boma mu 2013? Sindinaiwale ayi. Anthu analowa mu sisitimu ya IFMIS, n'kumalipira makampani omwe sanapereke ngakhale bolopeni imodzi, kenako n'kufufuta mapazi awo. A Baker Tilly atafufuza anapeza kuti pafupifupi K24 biliyoni inapita m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Koma tafunsani bwino, makampani amenewo anali otani? Anali a m'chikwama. Dzina analinalo, akaunti ya ku banki analinayo, chidindo analinacho. Chomwe analibe ndi ntchito. Ndiye phunziro la Cashgate silakuti tiziwonjezera mapepala. Mbava siivutika kupeza pepala. Mpaka lero tonse tikudziwa za makotesheni atatu ochokera m'chikwama chimodzi, kampani ya bambo, ya mayi ndi ya mlamu, onse olembedwa ndi dzanja limodzi. Mapepala ambiri amatsekereza mmisiri, dobadoba n'kudutsa akuimba likhweru.

Ena mukuti ana athu luso lawo n'loperewera. Ena ndi operewera, inde, ngati mmene zilili pa ntchito ina iliyonse. Koma pitani ku chipatala mukafunse za Baobab Health Trust. Inayambira pa Kamuzu Central Hospital mu 2001 ndi mlendo, Gerry Douglas, koma anasula Amalawi, ndipo ndi Amalawiwo amene anakhala akulemba ndi kusamalira mapulogalamu a makompyuta ogwira ndi chala aja, omwe anafalikira m'zipatala zoperekera ma ARV m'dziko muno. Uyo ndiye mlendo wabwino, anabwera ndi kalumo n'kuphunzitsa eni mudzi kunola. Mu 2013 mayi Rachel Sibande anatsegula mHub ku Lilongwe, ndipo achinyamata ambiri aphunzirirapo kulemba mapulogalamu. Luso lilipo. Chomvetsa chisoni n'chakuti amene amayamba kulikhulupirira nthawi zambiri ndi mabungwe akunja, boma lathu likubwera pambuyo.

Tsono tinene kuti mwana wa pa Songani wadutsa minga yonseyi, tenda waipeza. Apa ndiye pamene pali dzenje lenileni. Boma limagula pa ngongole, ndipo limalipira likafuna. Iwe wakongola ndalama ku banki, mwina kwa wakatapila, wagula zipangizo, waika, ntchito yatha. Kenako uyambe kuyendera cheke. Lero fandingi sinabwere. Mawa wosainira ali ku semina ku nyanja. Mkuja akuti netiweki ya IFMIS yavuta, kukuuza iweyo wokonza netiweki! Ndipo katundu wa makompyuta yense amagulidwa kunja ndi madola. Amene anapereka malaputopu ku boma mu Okutobala 2023 n'kudzalipidwa chaka chotsatira anakumana ndi kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti kwa mu Novembala. Ndalama yomwe analandira sikanagulanso katundu yemwe anapereka. Kampani yaikulu ikhoza kupirira chaka chathunthu. Kashopu miyezi itatu yokha katsekedwa, mwini wake ali pa basi ya ku Joni kukasamalira maluwa pa nyumba ya munthu, digiri ili m'chikwama.

Zomwe ndikupempha sizofuna ndalama za World Bank ayi. Gawani matendawa. Kukonza makompyuta a masukulu a zoni imodzi ikhale tenda payokha, yoti anyamata ndi atsikana atatu ogwirizana angaikwanitse. Pa ntchito zing'onozing'ono, m'malo mofunsa zaka zisanu za m'mbuyo, muikireni munthu kompyuta yakufa patsogolo, aidzutse komiti ikuona. Dobadoba mayeso amenewo sangakhoze. Ntchito ikatha lipirani pasanathe masiku 30, mukachedwa boma lilipire chiwongoladzanja monga mmene MRA imatilipiritsira ife tikachedwa. Kontirakiti iliyonse, ya wamkulu kaya wamng'ono, inene poyera kuti mapasiwedi ndi zonse za m'kati mwa pulogalamu ndi katundu wa boma, ndipo wogwira ntchitoyo asachoke asanaphunzitse munthu wa pamalopo. Pomaliza, matani pa bolodi la pa khonsolo dzina la yemwe wapambana, ndalama zake, ndi yemwe wagwiradi ntchitoyo ndi manja. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga wa boma linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Invoisi ya ndalama za misonkho yathu siyofunika kuionera mwangozi pa tebulo la munthu.

Nanunso achinyamata a makompyuta, sindikusiyani. Ena a inu mukalandira dipoziti foni imazima. Ena mumaika mapulogalamu akuba m'makompyuta a anthu, pakatha mwezi zonse zafa. Ena kulembetsa bizinesi mukuti n'kutaya nthawi, risiti simudziwa n'komwe kuti imaoneka bwanji. Mukatero mukuwapatsa a m'maofesi chonamizira. Lembetsani, gwirizanani atatu kapena anayi, sungani umboni wa ntchito iliyonse yomwe mwagwira, ngakhale ya pa tchalitchi kapena pa mzikiti. Ndipo lekani kubwereketsa manja anu pa mtengo wa bonya kwa munthu amene sadziwa n'komwe kuti rauta imayakira pati.

Sabata yatha netiweki ya pa ofesi ija inafanso, mphezi inaomba. Bwana wa ku Lilongwe foni sakuyankha. Kalaliki wa pamalopo anaimbira mphwanga uja, poti nambala yake anailemba pa khoma. Mnyamatayo anafunsa kuti nanga malipiro? Anamuyankha kuti ndondomeko ikufuna makotesheni atatu, ndipo iye mapepala ake ndi osakwana, koma atathandiza kaye pa chibale aona chochita. Anapita. Anati anthu anali pa mzere panja kuyambira m'mawa, ena ndi ana kumbuyo, ndipo mmodzi mwa iwo anali mphunzitsi wake wa ku pulayimale. Anakonza pa ola limodzi. Anamupatsa ya kabaza ndi botolo la Fanta.

M'gulu muno muli anthu amene mumakhala m'makomiti ogula katundu m'maofesi a boma, ndikukudziwani, ena timalemba nanu ndakatulo zolira dziko. Tandiuzani, chiganizo chija choti ntchito zitatu za m'mbuyo amachilemba ndani, ndipo chimateteza ndani?