N'chifukwa chiyani pogona pakudula ku Marikana?

Aphunzitsi anzanga, mukamaphunzitsa za malonda mumauza ana kuti katundu akachepa, ogula n'kuchuluka, mtengo umakwera. N'zoona, koma musalekere pomwepo. Afunseninso kuti adachepetsa katunduyo ndani.

Taonani za ku Marikana, kufupi ndi Rustenburg ku South Africa. Ndi dera la kumidzi, moyang'anana ndi mapiri okongola a Magaliesberg. Pansi pake pali platinum, ndiye anthu adakhamukirako kuchokera ku Eastern Cape, Lesotho ndi Mozambique. Mu 2006 kampani ya Lonmin, yomwe inkakumba kumeneko, idalonjeza boma kuti imangira antchito ake nyumba 5,500 pofika 2011. Idamanga zitatu. Zitatu basi!

Wantchito wosagona mu hositelo ankangopatsidwa alawansi yoti adzionere yekha pokhala. Kwa ine, apa mpamene pagona nkhani. Alawansiyo idachulukitsa ofuna lendi koma siidaumbe njerwa ndi imodzi yomwe. Eni mapuloti adakhoma tizisakasa ta malata kuseri kwa nyumba zawo, ndipo midzi ngati Nkaneng idakula popanda misewu yabwino kapena madzi okwanira. Kampaniyo idapepukidwa, alandilodi adadyerera, wantchito n'kumalipira lendi kuno kwinaku akutumizanso ndalama kumudzi.

Antchito 34 omwe apolisi adawapha pa 16 August 2012 anali pa sitalaka yofuna R12,500 pamwezi. Lipoti la Farlam la mu 2015 lidati kusamanga nyumbazo kudathandiza kukoleza mkwiyo pamgodipo.